Yankho kwa wophunzira unamwino amene akuopa kudzauma mtima

Mng'ono wanga, mwafunsa ngati chifundo chimaphunzitsidwa kapena munthu amachita kubadwa nacho, ndipo mwanenanso kuti chiyambireni kulowa mu wodi mwaona anamwino ena akuluakulu akuyankha odwala mwachidule, osawayang'ana n'komwe kumaso, moti mukuda nkhawa kuti nanunso mudzafika pomwepo. Ine ndakhala pa ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo ndikuyankhani monga ndaionera, ngakhale ndikudziwa kuti anzanga ena sangagwirizane nane pa zonse.

Anthu ambiri akamanena za namwino wachifundo amaganiza za mawu ofatsa ndi nkhope yomwetulira. Zimenezo n'zabwino ndithu, koma chifundo chimene chimapulumutsa munthu m'chipatala chimayambira m'maso. Namwino wachifundo amaona kuti kapu ya madzi idakali yodzaza chifukwa wodwala akulephera kuinyamula, amatembenuza munthu wosatha kudzitembenuza pakapita maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda za pabedi, amatseka katani asanamuvule, ndipo amawerenga kupuma kwake mphindi yathunthu m'malo mongolemba nambala ya m'mutu. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene munthu amabadwa akuchidziwa.

Ndili wophunzira ngati inu, tinali ndi mayi wina, namwino wamkulu, mu wodi ya ochitidwa opaleshoni amene tonse tinkamuopa, chifukwa sankaseka ndi munthu ndipo mawu ake anali owerengeka. Usiku wina ndinayeza bambo wina wachikulire amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba masana ake, ndinapeza kuti BP ili bwino, ndipo ndinapitirira ku bedi lotsatira mtima uli m'malo. Mayi uja atadutsa anaima, n'kugwira dzanja la bamboyo, n'kundifunsa ngati ndaona kuti manja ake azizira, mtima ukugunda mofulumira ndiponso akupuma mwabefu. Anaitanitsa dokotala nthawi yomweyo, ndipo zinapezeka kuti magazi akutayikira m'kati. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti munthu akamataya magazi, thupi limayamba lalimbana nalo vutolo, kotero kuti BP imatha kuoneka yabwino kwa kanthawi pamene kugunda kwa mtima ndi kupuma zasintha kale. Ndinaphunziranso kuti pakati pa ine, amene ndinamupatsa bamboyo moni waulemu, ndi mayi wosaseka uja, amene anamusamala koposa anali iyeyo. Choncho musafulumire kuweruza akuluakulu anu poyang'ana nkhope zokha.

Florence Nightingale, namwino wa ku England, amakumbukiridwa ndi nyale imene ankayenda nayo usiku pakati pa asilikali odwala, koma mbiri yake ili ndi mbali ina imene imatchulidwa mwa apo ndi apo. Atafika pa chipatala cha asilikali ku Scutari, m'dziko la Turkey, mu 1854 ndi anamwino 38, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, asilikali ambiri ankafa ndi matenda monga kolera ndi kamwazi kuposa mabala a kunkhondo, ndipo imfa zinatsika kwambiri mu 1855 pamene ngalande za zonyansa zinakonzedwa ndiponso mpweya unayamba kulowa bwino m'zipinda. Iye anakhala zaka zotsatira akusonkhanitsa ziwerengero ndi kuumiriza akuluakulu a boma za ukhondo, ndipo mu 1860 anatsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas' ku London. Munthu wokhulupirira kuti mtima wabwino ndi wokwanira sakanavutika n'kutsegula sukulu.

Tsopano za kuuma mtima. Sindikukana kuti kulipo, ndipo ineyo ndinakulawa. Nthawi zambiri kumayamba ndi kuchuluka kwa odwala. Mu 2002, Linda Aiken ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa m'zipatala 168 za ku Pennsylvania, ku America, ndipo anapeza kuti namwino akamuwonjezera wodwala mmodzi pa amene akuwasamala kale, mpata woti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire m'masiku 30 unkakwera ndi 7 peresenti, pamene mpata woti namwinoyo atheretu mphamvu ndi chidwi pa ntchito unkakwera ndi 23 peresenti. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2020 kuti dziko lonse likupereweredwa anamwino pafupifupi 5.9 miliyoni. Munthu amene akuthamanga pakati pa mabedi ambirimbiri, uku diripi yatha, uku wina akusanza, uku achibale akufuna yankho, amayamba kudula mawu kuti nthawi imukwanire, ndipo chizolowezicho chikakhazikika chimasanduka khalidwe. Palinso kutopa kwa mtundu wina, kobwera chifukwa choona ululu ndi imfa tsiku ndi tsiku popanda womuuza, mpaka mtima umachita dzanzi pofuna kudziteteza.

Komabe kumvetsa chiyambi cha vuto sikutanthauza kulivomereza. Kukalipira mayi amene ali pa ululu wobereka, kuseka wodwala amene wadziipitsira, kapena kuchedwetsa dala mankhwala opha ululu chifukwa wodwalayo ndi wovuta, ndi kulakwa, kaya munthu watopa chotani. Mukaziona, muzinene kwa woyang'anira wodi kapena kwa mphunzitsi wanu, chifukwa wodwala amene ali chigonere amaopa kudandaula za munthu amene amudalira usiku wonse.

Mawu akuti kudzipereka ndimawasamala kwambiri. Mudzamva anthu akunena kuti unamwino ndi maitanidwe, ndipo kwa ambiri a ife zilidi choncho, koma mawu omwewo amagwiritsidwanso ntchito potseka pakamwa namwino amene wagwira mashifiti otsatizana osapuma ndipo akupempha womuthandiza. Namwino wosagona amasokoneza mlingo wa mankhwala, ndipo amene amapwetekeka ndi wodwala. Kwa ine kudzipereka ndi kufika pa nthawi kuti mnzanu wa usiku akapume, kulemba m'fayilo zimene mwachitadi osati zimene munayenera kuchita, kuvomera msanga mukalakwitsa, ndi kupuma pa tsiku lanu lopuma popanda kudziimba mlandu. Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino asanakhale dokotala ndipo anatsegula St Christopher's Hospice, malo osamalirako odwala amene ali pafupi kumwalira, ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu suli m'thupi mokha, umakhudzanso maganizo, banja ndi mzimu. Kuti mumve ululu wa mtundu umenewo pamafunika kukhala pansi n'kumvetsera, ndipo munthu wotheratu sangathe kutero.

Chizindikiro chimene ndinachiona mwa ine ndekha chinali chaching'ono. Ndinadzipeza ndikunena kuti "bedi 6 akufuna jakisoni", dzina la munthuyo nditaliiwala ngakhale anakhala nafe sabata yathunthu. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo loti popereka lipoti kwa olowa shifiti ndizitchula dzina la wodwala aliyense, ndi kuwonjezerapo chinthu chimodzi chimene sichilembedwa pa tchati, monga kuti amaopa mdima, samva bwino khutu lakumanzere, kapena sanadye chifukwa akudikira mwana wake. Zimatenga masekondi ochepa, koma zimandikakamiza kuti ndikhale nditalankhula naye. Mukalowa mu wodi mawa, sankhani wodwala amene salankhula kwambiri, amene saitana ndipo savutitsa, mukhale naye mphindi zitatu, kenako mukafunse mkulu amene mumamuopa uja kuti iye waona chiyani pa munthu yemweyo chimene inu simunachione.