Funsani Alangizi: Zitsa zandikwana m'munda, ndipange bwanji?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ine ndagula malo maekala awiri koma mwiniwake wakale anadula mitengo yonse nde wandisiyira zitsa zokhazokha, ndawerenga zapitirira 40 ndipo zambiri ndi za bulugamu. Pulawo ikumangokodwa m'mizu ng'ombe mpaka kuima pakati pa mzere. Ndinayesa kusonkha moto pa zitsa zitatu zangoda pamwamba basi, mvula itagwa zaphukanso. Anzanga ena akuti ndithire oilo wakutha wa galimoto, ena akuti mchere. Pakona ina ndikufuna kudzamanga nyumba. Thandizeni chonde. Ndine mlimi wotopa.

YANKHO: Pepani bambo, zitsa 40 si masewera. Koma oilo ndi mcherewo muiwale kaye, chonde. Oilo wakutha amalowa munthaka, mvula ikabwera amatsetsereka mpaka kuchitsime, ndipo chitsacho amachiteteza kuti chisaole msanga. Mchere nawo olo uphe chitsa umapha ndi dothi lomwe, pamalopo mbewu zizidzangonyala inu nkumadabwa. Munda mwagula ndi ndalama zanu uwu.

Za moto mwaziona kale nokha. Chitsa chachiwisi chimakhala ndi madzi ambiri nde moto umangonyambita kunja, ndipo khungu la makala lija limachedwetsa kuola chifukwa bowa ndi chiswe sizikonda mtengo wopsa. Chikakhala chouma vuto limakhala lina, moto umatsata mizu pansi nkumanyeka masiku angapo osaoneka, mwana kapena mbuzi ikapondapo dothi limangofumuka mwendo nkulowa m'phulusa lotentha, pena umakatulukira patali nkuyatsa tchire. Ine njira imeneyi sindiikonda olo pang'ono.

Tsono musanagwire khasu muyende m'mundamo muzigawe zitsazo, sikuti zonse zikufunika thukuta lanu chaka chino ayi. Zapamalo anyumba zichoke zonse ndi mizu ikuluikulu yomwe, apa palibe kunyengerera, chifukwa chitsa chikatsala pansi pa fawundeshoni chimaola nkusiya mphako, dothi limatitimira khoma nkung'aluka, komanso mwachiitanira chiswe pakhomo. Zam'kati mwa mizere ya pulawo muzichotsa pang'onopang'ono. Zam'malire zisiyeni, bulugamu akaphuka mumasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka zinazo nkudula, pakapita zaka zochepa muli ndi mapolo anuanu.

Kukumba kwake nkotere. Dikirani mvula inyowetse nthaka, dothi louma lingokutherani mphamvu. Anthu ambiri amalakwitsa pokumba mogundana ndi chitsa pomwe mizu ndi yonenepa ngati ntchafu, inu yambirani patali pang'ono, ngati theka la mita kapena mita yathunthu chikakhala chachikulu, mukumbe ngalande mozungulira. Mizu yambiri ya mtengo imakhala m'masentimita 60 apamwamba ndipo imayenda cham'mbali, nde simukumba dzenje lakuya kwambiri ayi. Muzu uliwonse muufukule bwinobwino, muupale dothi kuti nkhwangwa isabunthe, kenako muudule pawiri kachidutswa kapakati kachoke, mukadula pamodzi pokha umapanikizanso nkhwangwa ndipo chitsa sichigwedera. Yam'mbali ikatha pezani mtengo wautali wolimba, mamita atatu bola, mulowetse nsonga pansi pa chitsa, muike mwala kapena chipika pafupi ndi chitsacho kuti mtengowo utsamire, inu mukanikize kumapeto. Chikadzuka pang'ono mnzanu aponyepo mwala kunsi kuti chisabwerere, asalowetse mkono, muzitero mpaka muzu wapakati uonekere muudule. Jeke yagalimoto imagwiranso ntchito yomweyo bola muyale thabwa lokhuthala pansi kuti isamire. Dzenjelo mukwirire mochita kusinja ndipo dothi litumphuke pamwamba chifukwa lidzatsika mvula ikagwa.

Apa ndipamene ndimadandaula ndi odula mitengo modulira pansi penipeni. Chitsa chotalika mita imodzi kapena imodzi ndi theka chimazuka mosavuta kwambiri chifukwa muli ndi pogwira pochigwedeza ndi pomanga tcheni. Tsiku lina mukamadzadula mtengo womwe mukufuna kuuzula mukumbukire zimenezi.

Mukapeza thirakitala, mizu yam'mbali muyambe mwadula ndithu, musadalire mphamvu ya injini yokha. Tcheni chimangidwe pachitsulo chokokera chapansi chija, osati pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, chifukwa chitsa chikakana thirakitala imanyamuka kutsogolo nkugudubukira chagada mwakanthawi kochepa zedi, woyendetsa sapeza mpata wodumpha, anthu amafa nazo zimenezi. Akoke pang'onopang'ono osachita kunjanja, ndipo oonerera onse makamaka ana aime kutali kuposa kutalika kwa tchenicho poti chikaduka chimakwapula.

Bulugamu wophuka uja kuti afe, musende makungwa onse mpaka kunsi kwa dothi chifukwa timaso tophukira timabisala m'menemo, ndipo mphukira iliyonse muziithyola ikangotuluka osailola kuti ikhale ndi masamba. Mizu imakhala ndi chakudya chosungira, nde mukamaimana masamba chakudyacho chimatha chitsa nkufa chokha, kungoti pamafunika khama la miyezi yambiri. Ena amapaka mankhwala opha zomera otchedwa glyphosate, amagwira ndithu koma pokhapokha pabala latsopano, mudulenso chitsacho nkupaka pasanathe mphindi zochepa m'mphepete momwe khungwa lakumana ndi thupi la mtengo, pachitsa chakale chouma pamwamba mungotaya mankhwala. Valani magolovesi, tsatirani zolembedwa pabotolo, ndipo musamale ngati pafupi pali mtengo wamtundu womwewo womwe mukuufuna chifukwa mizu yake imatha kulumikizana pansi mankhwala nkuwolokera komweko.

Koma zitsa zamitengo yachilengedwe ngati zilimo, ndikupemphani muziyang'ane kawiri. Ku Niger m'zaka za m'ma 1980 bambo wina wa ku Australia, Tony Rinaudo, anazindikira kuti tizitsamba tomwe alimi ankadula chaka ndi chaka tinali mphukira za zitsa zamoyo zamizu yakuya kale. Alimi atayamba kusiya mphukira zochepa pachitsa nkumazitengulira, mitengo pafupifupi 200 miliyoni inabwerera pamalo okwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni osadzala mbande. Wambiri mwa mitengoyo ndi msangu, womwe umayoyola masamba nthawi yamvula nde suphimba mbewu komanso umawonjezera chonde. Chitsa chotere ine sindingachizule.

FUNSO: Alangizi ine ndine mayi wachikulire, kuseri kwanyumba kuli chitsa cha paini chachikulu ndipo mphamvu zokumba ndilibe. Palibe njira yoti chingoola chokha?

YANKHO: Ilipo mayi, ndipo mwachita mwayi chifukwa paini wambiri akadulidwa saphukanso, ntchito yatsala ndi yongofulumizitsa kuola. Pemphani wina achidule chifupike mpaka pafupi ndi dothi, achiboole mabowo ambiri akuya masentimita 20 kapena 30, ngati chobowolera palibe achitemeteme ndi nkhwangwa kuti madzi azilowa. M'mabowomo muike manyowa kapena feteleza wa urea pang'ono, chifukwa tizilombo tooletsa mtengo timafuna nayitirojeni yemwe mumtengo wouma amachepa, muthire madzi, mukwirire ndi dothi ndi zinyalala kuti pazikhala chinyontho nthawi zonse. Musayembekeze za mwezi umodzi, zimatenga zaka, paini amachedwako pakati chifukwa cha utomoni koma kunjaku kumafewa msanga moti chaka chilichonse mutha kumagamulako ndi khasu. Chokhacho, mwati chili kuseri kwanyumba, nde muyeze kaye. Ngati chayandikana ndi khoma njira iyi ikokera chiswe kunyumba, pamenepo bola mupeze anyamata achikumbe ndithu monga ndawafotokozera bambo aja pamwambapa.