Mafunso ndi Mayankho: Kodi Chekimeti Ili Pati Pamenepa?

Funso: Ndakhala ndikulimbana ndi funso ili la chesi osapeza yankho. Oyera ali ndi mfumu pa g1, mfumukazi pa c4 ndi hachi pa g5, pomwe akuda ali ndi mfumu pa h8, mfumukazi pa b2, rook pa a8 ndi ma pawn pa g7 ndi h7. Oyera ndiwo ayambe. Ndiyambire pati?

Yankho: Yambani ndi macheki (kuopseza mfumu ya mnzanu), chifukwa cheki imachepetsa mayankho a mnzanu, ndipo onetsetsani kuti mfumu yakudayo yapanikizidwa kale ndi ma pawn ake omwe. Hachi ipite pa f7, mfumu ikakamizike kupita pa g8. Kenako hachiyo ilumphire pa h6, ndipo apa mpamene pali kukoma kwake: yatsegulira mfumukazi njira, kotero cheki ikuchokera mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo pawn ya pa g7, ngakhale ili moyandikana ndi hachiyo, siyingathe kuidya, popeza pa cheki ya mbali ziwiri mfumu yokha ndiyo iyenera kusuntha. Mfumu ikapita pa f8, mfumukazi imaliza pa f7.

Mfumu ikabwerera pa h8, limbani mtima, perekani mfumukazi yanu pa g8. Ambiri amakakamira pamenepa poopa kutaya chida chachikulu, komatu mfumu siyingaidye popeza hachi ikuiteteza, choncho rook ndiyo idya n'kutsekera mfumu yake khomo lomaliza. Hachi ibwerere pa f7, chekimeti yatheka: mfumu yasowa kothawira. Njirayi ndi yakale ndithu, inalembedwa ndi Lucena, wolemba za chesi wa ku Spain, cha m'ma 1497.