Ine ndinkatulukamo ndikunjenjemera

Achemwali, zimene mwalembazi zandikumbutsa zambiri moti ndasiya zonse kuti ndikuyankheni. Zoti mukutuluka m'chipinda cha mlangizi wa zamaganizo mtima uli wolemera kuposa mmene munalowera, komanso zoti mlangiziyo akungokufunsani mafunso osakuuzani chochita, ndi mmene existential therapy, uphungu wofufuza za imfa, ufulu wosankha ndi tanthauzo la moyo, imayambira. Ine ndinkatulukamo miyendo ikunjenjemera.

Bambo anga anamwalira ndi khansa ine ndili kuntchito. M'mawa wa tsikulo anesi anandiimbira kuti kapumidwe kawo kasintha, ndifike msanga. Ndinathamangira kwa abwana kukapempha. Munthu uja sanachotse n'komwe maso pa kompyuta. Anangoti, "Sabata yatha munapitanso koma sanamwalire. Malizani kaye lipotilo." Sindikuwonjezera ayi, mawu ake anali amenewa. Ndinabwerera pa desiki, foni n'kuiponya m'dirowa, n'kuyamba kulemba manambala. Itayamba kulira m'dirowamo ndinadziwiratu. Ndinamaliza kaye mzere umene ndinkalemba, kenako n'kuyankha. Pofika ku wodi ndinapeza bedi atayalula kale, matiresi a pulasitiki ali pamtunda, magalasi a bambo ndi wotchi yawo atazikulunga m'kapepala. Abwana aja anatumiza khadi la chipepeso losainidwa ndi sekilitale wawo. Mpaka lero ndikamva dzina lawo m'mimba mumanditentha.

Mlangizi woyamba anali wa kuntchito komweko. Iye uja anandipatsa pepala la mizere iwiri, uku "maganizo oipa", uku "maganizo abwino", n'kundiphunzitsa kupuma mowerenga, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Ankangobwereza kuti si vuto langa. Aliyense ankanena zomwezo, abale, anzanga, onse. Nanga ngati silinali vuto langa, n'chifukwa chiyani ndinkadzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu?

Wachiwiriyu ndi amene anali wa existential. Ndinamufotokozera nkhani yonse, ndikuyembekezera kuti atukwana nane abwana aja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Abwanawo atakana, chitseko chinali chokhoma?" Achemwali, ndinapsa mtima zedi. Ndinamuuza kuti sadziwa kulera ana wekha, sadziwa kuopa kuchotsedwa ntchito. Sanabweze funso lake, komanso sanandiweruze. Anati sakunena kuti ndinalakwa, akungofuna tione limodzi chimene chinandikhazika pampando paja. Ndinatuluka osatsanzika ndipo ndinalumbira kuti sindidzapondanso.

Ndinapondanso. Yankho linatenga nthawi kuti lituluke, ndipo litatuluka silinali limodzi. Ana, inde. Ntchito, inde. Koma pansi pa zonsezo panali mantha: sindinkafuna kuona bambo anga akutsirizika, ndipo kukana kwa abwana kunandipatsa pobisala. Tsiku limene ndinanena zimenezi mokweza ndinalira mpaka kusanza. Usiku womwewo ndinagona tulo mpaka kucha, koyamba chimwalirire bambo.

Alangizi a existential sachita dala kukuzunzani, ndi mmene amaonera moyo. Irvin Yalom, dokotala wa zamaganizo wa ku yunivesite ya Stanford, analemba mu 1980 kuti pali zinthu zinayi zimene munthu aliyense amalimbana nazo: imfa, ufulu wosankha pamodzi ndi udindo umene umabwera nawo, kukhala wekha chifukwa palibe angakhale moyo wako kapena kufa imfa yako, ndiponso kusowa tanthauzo la moyo. Kwa iwo nkhawa si matenda nthawi zonse oti achotsedwe msangamsanga, nthawi zina imakhala ikuloza chinthu chimene wakhala ukuchizemba. N'chifukwa chake sakupatsani malangizo. Akakuuzani chochita ndiye kuti akusenzerani chisankho chanu, mawa mudzatinso "anandiuza ndi alangizi", ngati mmene ine ndinkanenera kuti "anandikaniza ndi abwana". Mlangizi wanga ananditchuliranso za Viktor Frankl, dokotala wa zamaganizo wa ku Vienna, amene anapulumuka m'misasa ya chibalo ya Nazi, kuphatikizapo Auschwitz, koma mkazi wake, makolo ake ndi mchimwene wake anafera m'misasa momwemo. Iyeyu ankaphunzitsa kuti tanthauzo limapezeka m'ntchito imene ukugwira, mwa anthu amene ukuwakonda, komanso m'mene ukuimira pamaso pa mavuto amene sungawasinthe. Kunena zoona nkhani ya Frankl inandinyansa poyamba. Ndinkati ndiye ine ndisadandaule chifukwa wina anavutika kuposa ine? Ndinamuuza mlangiziyo zimenezo ndipo sanaibwerezenso.

Kusinthako musakuyembekezere ngati tsiku limodzi lodzuka muli bwino. Ine ndinakuzindikira m'kayankhulidwe. Ndinasiya kunena kuti "sindikanachitira mwina", ndinayamba kunena kuti "ndinasankha kukhala". Zimapweteka kwambiri kunena choncho, koma zimakubwezera miyendo, chifukwa ngati unasankha tsiku lija ndiye kuti ungasankhenso lero. Chisoni sichinachepe. Chimene chinatha ndi kuthawathawa kuja. Ndinayamba kukhala ndi mayi anga osayang'ana foni, ndinawafunsa zimene akufuna zidzachitike iwo akadzadwala, nkhani imene kale ndikanaithawa. Ntchito ija ndinaisiya. Anzanga ena anatalikira, ati ndayamba kuyankhula za imfa kwambiri. Mwana wanga wamkulu ndiye anayamba kuona kusinthaku ine ndisanakuone, anati masiku ano ndikamufunsa funso ndimadikira yankho.

China chimene sindinkayembekezera n'choti zambiri zinachitikira m'chipinda momwemo, pakati pa ine ndi mlangiziyo. Ndinamukalipira, iye osathawa, osadziteteza, sabata yotsatira ali pompo. Sindinazolowere kukwiyira munthu n'kumupezabe.

Ndiye musasiye. Komabe musapirire chilichonse poganiza kuti kupwetekako ndi mankhwala. Alipo alangizi ena amene amangokhala duu n'kumati ndi nzeru zakuya. Mufunseni maso ndi maso kuti mukulowera kuti, ndipo akalephera kuyankha m'mawu omveka, fufuzani wina. Ngati simukudya, simukugona masiku otsatizana, kapena maganizo odzipha akubwera, pitani kwa dokotala tsiku lomwelo, mafunso a tanthauzo la moyo adikire. Mankhwala si manyazi. Pa mantha obwera mwadzidzidzi aja, CBT, uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe, ndi imene yafufuzidwa kwambiri, ndipo kupuma kowerenga kumene ndakunyoza pamwambapa ndimakuchitabe mtima ukayamba kuthamanga usiku. Ngati mukuona kuti zikutalika, ziliponso njira zazifupi: William Breitbart, dokotala wa zamaganizo wa ku New York, anakonza ya odwala khansa yochokera pa maganizo a Frankl, ya magawo 7 ngati uli wekha kapena 8 pagulu. Mungafunse ngati wanuyo angagwire nanu ntchito mwa dongosolo lotero.

Ndipo musasiye ntchito chifukwa choti ine ndinasiya, ndinavutika nazo kwambiri pambuyo pake. Koma akadzakuimbirani kuchipatala kuti mufike msanga, musakapemphe kwa munthu. Nyamulani chikwama muzipita, zofotokoza mudzafotokoza mawa.