Bwererani akakupimeni, musavomere zoti zimatha zokha

Achemwali, miyezi inayi mutachira mkodzo ukudonthabe mukatsokomola, ndiye akukuuzani kuti zitha zokha osakupimani n'komwe? Ayi ndithu. Ine mawu omwewo anandidyera zaka ziwiri.

Mwana wanga wachiwiri anabadwa ndi makilogalamu 4.2, ndinavutika usiku wonse mpaka anachita kumukoka ndi vacuum, kachipangizo kamene amamatika pamutu pa mwana. Ndinang'ambika, anandisoka mwachangu chifukwa pabedi lina mayi wina anali akukuwa, ndipo palibe amene anandiuza kuti kung'ambikako kwafika pati. Patatha masabata 6 ndinabwerera. Anamuika mwana pasikelo, ine anangondifunsa za kulera, basi. Nditanong'oneza kuti mphweya ukumandipulumuka, namwino uja anaseka, amvekere "mayi aliyense wobereka amatero." Nkhope yake ndikuionabe mpaka lero.

Tsiku limene linandithyola mtima linali la chinkhoswe cha mng'ono wanga. M'mimba munali mutandivuta pang'ono kuyambira m'mawa. Atatiitana achibale kuti tikafupe, ndinanyamuka ndi ndalama zanga m'manja, kuvina masitepe awiri okha ndinangomva kutentha kukutsika m'miyendo. Sunali mkodzo wokha. Ndinamasula chitenje chimene ndinaberekera mwana n'kudzikulunga m'chiuno, mwana m'manja, kuyenda cham'mbali mpaka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Ndinachapa diresi ndi madzi a m'chigubu ndikulira, nyimbo zikumveka uko. Apongozi atamva anati ndi chifukwa choti ndinkathawa kuthowedwa ndi madzi otentha m'chikuta. Bambo a kunyumba sanayankhule chilichonse, koma anayamba kugona atatembenukira kukhoma.

Amene anandithandiza ndi mayi wa physiotherapy, amene amathandiza anthu kulimbitsa minofu, pachipatala chachikulu. Anavala magolovesi, analowetsa chala m'njira yoberekera n'kunena kuti finyani ngati mukugwira mkodzo. Mphamvu ya minofu ya pansi pa chiuno amaiwerenga kuyambira 0 mpaka 5, ine ndinapeza 1. Anandiuzanso kuti nditsokomole aone ngati mkodzo utuluke ndiponso ngati chiberekero kapena chikhodzodzo chatsika. Kenako dokotala anapima ndi chala kunjira ya chimbudzi n'kupeza kuti mnofu umene umatseka kumeneko unaduka. Kung'ambika kuli ndi madigiri anayi. Yachitatu ndi yachinayi imafika pamnofu umenewu ndipo imayenera kusokedwa mosamala ku theatre, chipinda chopangira opaleshoni, ine anangosoka khungu pamwamba. Kupima kwa mphindi zochepa chabe, amene anandisokayo akanachita tsiku lomwelo! Zimandiwawabe. Ndinachita kupangidwa opaleshoni mwana ali ndi zaka ziwiri.

Ndiye pitani mukanene mosabisa kuti mukufuna akupimeni minofu, ndipo ngati mphweya kapena chimbudzi chikupulumuka muneneretu, musachite manyazi. Koma musakakalipe, anamwino ambiri ndi otopa, mmodzi wodi yonse. Ngakhale kuti ine anandimvera tsiku limene ndinakweza mawu.

Zofinya minofu ya pansi pa chiuno zija yambani lero. Kwa ine sizinathandize mpaka nditasokedwanso, koma kwa ambiri amene vuto lawo ndi la mkodzo wa potsokomola zimathandiza: finyani, gwirani masekondi angapo, masulani, kakhumi, katatu patsiku, kwa miyezi itatu osalekeza. Osamachita mukukodza. Imwani madzi ndi kudya masamba kuti musamadzimbidwe, ndipo ndowa ya malita 20 ija ayambe asenza ena. Zitsamba zoika kumusi zimene anthu ena amalangiza musayese, sizilumikiza mnofu woduka. Ngati mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku osatsokomola n'komwe, imeneyo ikhoza kukhala fistula (bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera), pitani ku Fistula Care Centre ku Bwaila ku Lilongwe, amathandiza mwaulere. Mukapita mudzatiuze kuti akupezani ndi nambala yanji.