RAM ya seva ikuoneka yodzaza: ndiyeretse cache kapena ndizimitse swap?

Wowerenga wina watumiza imelo. Akuti seva yake ya Linux ili ndi RAM ya 8 GB, koma akalemba `free -h` pa free pamangotsala 200 MB. Akufunsa ngati aziyendetsa `echo 3 > /proc/sys/vm/drop_caches`, lamulo loyeretsa cache, ola lililonse, komanso ngati azimitse swap, malo a pa disiki omwe makina amaikako zina za mu RAM ikachepa.

Akulu, zonse ziwirizi musachite. Nambala yomwe yakuopsaniyo si yoyenera kuyang'ana.

Kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, imagawa RAM m'tizigawo totchedwa page, ta 4 KB kalikonse pa makina a x86-64. Pulogalamu ikapempha malo, kernel imangolonjeza kaye. Page yeniyeni imaperekedwa pulogalamuyo ikakhudza malowo koyamba. RAM yotsala siingokhala manja lende ayi. Kernel imasungamo mafayilo omwe yawerenga pa disiki kuti mukawafunanso asachite kukatengedwa kutali. Imeneyi ndiyo page cache, ndipo pulogalamu ikafuna malo, kernel imataya yokha mbali ya cache imene ilinso pa disiki. Choncho mu `free -h` werengani pa available, osati pa free. Nambalayi inabwera ndi Linux 3.14 mu 2014 pofuna kuthetsa chisokonezo chomwechi. Mukamayeretsa cache ola ndi ola, database yanu iziwerenganso zonse pa disiki, ndipo seva izichedwa kuposa kale.

Kuti mudziwe ngati RAM yachepadi, yendetsani `vmstat 1` nthawi imene seva yatanganidwa. Yang'anani pa `si` ndi `so`, nambala zoonetsa zomwe zikuchoka mu swap ndi zomwe zikulowamo. Zikamakhala pa 0 kapena kungodumpha mwa apo ndi apo, palibe vuto. Zikamasuntha sekondi iliyonse osaleka, makina akuvutika. Onaninso `/proc/pressure/memory`, yomwe ilipo kuyambira Linux 4.20: mzere wa full ukamakwera, ndiye kuti mapulogalamu onse akumaima nthawi imodzi kudikira memory.

Pa swap ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mukaizimitsa, kernel ilibenso koika ma page a mapulogalamu omwe akungogona. Ikapanikizika imayamba kutaya cache yofunikira, ngakhale khodi ya mapulogalamu omwe akuyenda, n'kumaiwerenganso pa disiki mobwerezabwereza. Seva imauma gwa, SSH osayankha, mpaka OOM killer, mbali ya kernel yomwe imalowererapo memory ikatheratu, itapha pulogalamu ina. Umboni wake mudzaupeza mu `dmesg`. Isiyeni swap. `vm.swappiness`, nambala youza kernel mmene izigwiritsira ntchito swap, imayambira pa 60, ndipo pa seva zambiri palibe chifukwa choikhudzira.

Chomwe mungasinthe mopindula ndi zolembedwa zomwe sizinafike pa disiki. Kernel imayamba kuzitsitsira pa disiki zikafika 10 peresenti ya RAM yopezeka, ndipo pa 20 peresenti imaimitsa pulogalamu yolembayo kuti idikire. Pa disiki yochedwa, zimenezi ndi masekondi ambiri. Mu fayilo ya mu `/etc/sysctl.d/` lembani `vm.dirty_background_bytes=67108864` ndi `vm.dirty_bytes=268435456`, kutanthauza 64 MB ndi 256 MB, kenako yendetsani `sysctl --system`. Dziwani kuti mukaika za bytes, za ratio (za maperesenti zija) zimasanduka 0 zokha, musadabwe nazo.

Ngati pali pulogalamu imodzi yomwe ikungofufuma tsiku ndi tsiku, imangireni malire mu systemd, yomwe imayang'anira mapulogalamu a pa seva. `MemoryHigh=1500M` imaichedwetsa ikadutsa pamenepo, pomwe `MemoryMax=2G` imachititsa kuti OOM killer iphe mkati mwa pulogalamu yolakwayo, database yanu n'kutsala bwinobwino.