Kufananiza nthano kumafuna chinenero chake

Achimwene, mwafunsa ngati mungafananize nthano za Chiyao ndi za Chichewa pongowerenga zomasuliridwa m'Chingerezi. Ine ndikuti ayi. Agogo akamasimba za Kalulu kuno ku Mangochi, ana amavomera kuti "tili tonse", nyimbo imalowa pakati, ndipo Fisi akagwa mumamva "khu!" Womasulira zonsezi amazitaya, ndiye mufananiza chiyani?

Taonani Jack Mapanje, mwana wakwathu ku Kadango. Anaphunzira za zinenero mpaka ku London, ndipo ndakatulo zake za m'buku la 1981, Of Chameleons and Gods, n'zachingerezi koma zadzaza ndi zining'a zakumudzi. Wosazolowera kuphiphiritsa kwathu zambiri zimamudutsa.

Yambani mwajambula agogo pafoni akusimba m'Chiyao momwemo, kenaka muwafunse tanthauzo la mawu akale amene simunawamve.