Chifukwa chake anthu a kumunsi kwa mtsinje wa Pigeon anakana madzi a fakitale ya mapepala

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti, ngati fakitale ya mapepala ili ndi chilolezo cha boma ndipo imayamba yasefa madzi ake isanawatayire mumtsinje, n'chifukwa chiyani anthu a m'mbali mwa mtsinjewo amalimbana nayo pamene ikupereka ntchito kwa anzawo. Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ndikuyankhani pofotokoza nkhani ya mtsinje wa Pigeon ku United States, chifukwa kumeneko mkangano wamtunduwu unatenga zaka zambiri ndipo mbali zonse ziwiri zinali ndi zifukwa zomveka.

Kampani ya Champion inatsegula fakitale yake m'tauni ya Canton, m'chigawo cha North Carolina, mu 1908. Mtsinje wa Pigeon ukadutsa pa Canton umatsetsereka m'mapiri n'kulowa m'chigawo cha Tennessee, m'boma la Cocke, komwe kuli Hartford ndi Newport. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, bambo: malipiro ndi misonkho zinkatsala ku Canton, koma madzi oderapo ngati khofi, a thovu ndi fungo loipa, ankapita kwa anthu a ku Tennessee, amene sankapindula kanthu ndi fakitaleyo ndiponso analibe mphamvu pa boma la North Carolina limene linkapereka chilolezo.

Kuti mumvetse chimene chinkalowa m'madzimo, dziwani kuti popanga mapepala mitengo imadulidwa tizidutswa n'kuphikidwa ndi mankhwala kuti ulimbo wachilengedwe wotchedwa lignin, umene umamata ulusi wa mtengo, usungunuke. Ulimbo umenewu ndi umene umadetsa madzi. Zotsalira za mtengo zikamawola mumtsinje zimatha mpweya umene nsomba zimapuma, ndipo madzi akada dzuwa silifika pansi pamene zomera za m'madzi zimamera. Choopsa kwambiri chinali chosaoneka ndi maso: poyeretsa mapepala ankagwiritsa ntchito mpweya wa chlorine, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunadziwika kuti njira imeneyi imatulutsa poizoni wa dioxin, amene amaunjikana m'mafuta a nsomba ndi m'matope a pansi pa madzi. Aboma anachenjeza anthu kuti asamadye nsomba za mumtsinjewo. Ku Hartford amuna ambiri anamwalira ndi khansa moti anthu anayamba kutcha mudziwo Widowville, kutanthauza mudzi wa akazi amasiye, ndipo eni mudzi ankaloza chala fakitale.

Tsono pa mfundo yanu yakuti madziwo amasefedwa, ndinene kuti kusefa kumachepetsa zonyansa koma sikuzichotsa zonse, ndipo chilolezo chimadalira kuti mtsinje usungunule zotsalazo. Vuto la Pigeon linali lakuti mtsinjewo ndi waung'ono pamene fakitale inali yaikulu, moti nthawi ya chilala pafupifupi madzi onse a mtsinje ankadutsa m'fakitale asanapitirire kumunsi. Chilolezo cholembedwa bwino pa pepala sichiwonjezera madzi mumtsinje.

Anthu a ku Cocke anakhazikitsa gulu lotchedwa Dead Pigeon River Council, ndipo dzinalo linkalengeza poyera kuti mtsinje wawo unafa. Bungwe loona za chilengedwe m'dzikomo, EPA, linalowererapo pa nkhani ya chilolezo, ndipo mu December 1988 bwanamkubwa wa Tennessee, Ned McWherter, anakana kufewetsa malamulo a chigawo chake okhudza kuda kwa madzi, ngakhale kuti kampani inkachenjeza kuti ntchito zambiri zitha. Sindikufuna kupeputsa mantha a ogwira ntchito ku Canton, chifukwa mabanja awo anali atadya za fakitaleyo kuyambira nthawi ya agogo awo. Komabe fakitale sinatsekedwe nthawi imeneyo. M'malo mwake, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Champion inawononga ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni kukonzanso makina, inasiya chlorine n'kuyamba kuyeretsa ndi chlorine dioxide komanso okosijeni, ndipo inachepetsa kwambiri madzi amene inkatunga. Ine ndimaona kuti umboni waukulu woyankha funso lanu ndi umenewu: njira yabwinoko inatheka pamene anthu a kumunsi anakana kupitiriza kulandira zonyansa kwaulere, osati pamene fakitale inangokhala ndi chilolezo.

Mtsinjewo unayamba kuyera pang'onopang'ono, nsomba zinabwerera, ndipo Hartford yomwe ija inasanduka malo amene alendo amapita kukakwera mabwato a mphira m'mathithi. Fakitale inagulidwa ndi ogwira ntchito ake mogwirizana ndi kampani ina yoika ndalama mu 1999 n'kukhala Blue Ridge Paper, kenaka inapita m'manja mwa Evergreen Packaging, ndipo madandaulo a kuda kwa madzi sanathe konse. Mu 2023 eni ake, Pactiv Evergreen, anaitseka pa zifukwa za malonda, ndipo anthu oposa 1,000 anataya ntchito. Tauni ya Canton inatsalanso ndi vuto lina, chifukwa kwa zaka zambiri madzi a m'zimbudzi za m'tauniyo ankasefedwa pa makina a fakitale yomweyo.